Pamene Mng'alu Ugwira Ntchito ya Moto

Msodzi aliyense wa ku Msumba, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Metangula, amadziwa kuti mdani wa nsomba yovuulidwa ndi kutentha. Chambo chimene chakodwa m'bandakucha wa mwezi wa Okutobala chikakhala m'bwato mpaka masana, mphuno imayamba kudandaula. Usipa ndiye sulola n'komwe kuchedwa: uyenera kufika pathandala kapena mumphika wofwafwazira dzuwa lisanakwere. Koma chambo chomwecho chikaikidwa m'bokosi la ayezi chimakafika ku Lichinga chili bwinobwino, ndipo chimatha masiku angapo chisanasinthe fungo. Namwino wa pachipatala amadziwanso zomwezo, n'chifukwa chake katemera sayenda ulendo popanda bokosi lozizira. Pa zimenezi anthu amatolapo mfundo zitatu zooneka zosatsutsika: kutentha kumafulumizitsa kusintha kwa zinthu, kuzizira kumakuchedwetsa, ndiye kuti kuzizira kukafika pamapeto penipeni zonse ziyenera kuima nji. Ziwiri zoyambazo n'zoona. Yachitatuyo ndi imene mutu uno ukuikana. M'chisanu choopsa, chimene pano padziko chimapezeka makamaka m'nyumba zofufuzira zasayansi, makemikolo oundana gwa amatha kusinthika, ndipo kusinthikako kumatha kuyenda kuchokera kunsonga ina kukafika kunsonga ina popanda lawi la moto. Kuzizira sikuchotsa mphamvu imene ili m'chinthu, kumangoitsekera. Ndipo kutenthetsa si njira yokhayo yoitulutsira.

Lamulo limene tikulimbana naloli si lachibwana ayi. Mu 1889 wasayansi wa ku Sweden, Svante Arrhenius, analemba masamu ofotokoza chifukwa chake kutentha kumafulumizitsa kusintha kwa makemikolo. Zinthu zimapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa mamolekyulu, ndipo kutentha kumene timamva pakhungu ndi kugwedezeka ndi kuwombana kwa tinthu timeneti. Kuti mamolekyulu awiri asinthane maatomu n'kubala chinthu chatsopano, ayenera kuwombana ndi mphamvu yokwanira kudumpha chotchinga china chake. Ofooka amangogundana n'kubwererana. Kukatentha amphamvu amachuluka, kukazizira amachepa, ndipo kuchepa kwake n'kwa msangamsanga. Pa nyengo imene tikukhalamoyi, kutsitsa madigiri 10 okha kumadula liwiro la kusintha kwa zinthu zambiri ndi theka kapena kuposerapo. Tsono onani kutsika kumene tikunena pano. Madzi a m'nyanja yathu, ngakhale pansi penipeni, satsika kufika pa madigiri 20. Ayezi wa m'bokosi ali pa ziro, firiji youndanitsa ili pa madigiri 18 pansi pa ziro. Kuzizira koposa kumene kunayezedwapo panja ndi madigiri 89.2 pansi pa ziro, ku Vostok ku Antarctica mu 1983. Nayitrojeni wamadzi, amene alangizi a ziweto amasungiramo umuna wa ng'ombe, ali pa 196 pansi pa ziro. Heliyamu wamadzi, amene Heike Kamerlingh Onnes anamupanga koyamba ku Leiden mu 1908, ali pa 269, madigiri 4 okha pamwamba pa malire a kuzizira konse, omwe ali pa 273.15. Pamenepo masamu a Arrhenius amati kusintha kumene pano kumatenga sekondi imodzi kungafune zaka zochuluka kuposa zimene chilengedwe chonse chakhalapo.

Komabe ngakhale mufiriji wamba muli zizindikiro zoti lamuloli silinena zonse. Karapau wa m'makatoni wochokera kunyanja yamchere akakhalitsa mufiriji miyezi yambiri mafuta ake amasintha fungo ndi kakomedwe, chifukwa mpweya wa okosijeni sunaleke kuwadya. Izi Arrhenius sakanadabwa nazo, pakuti kuchedwa si kuima. Chimene chikanamudabwitsa ndi zimene Norimichi Takenaka ndi anzake a ku Osaka ku Japan anafalitsa mu 1992: mchere wotchedwa nitrite umasinthika mofulumira pafupifupi ka 100,000 madzi ake akamaundana kusiyana ndi pamene asanaundane. Madzi akamasanduka ayezi amakankhira pambali chilichonse chimene chinasungunukamo, ndipo zonsezo zimapanikizana m'timipata totsala pakati pa ayeziyo, mmene kukumana kuli kosapeweka. Namwino nayenso ali ndi umboni wake. Katemera wa kafumbata ndi wa matenda a chiwindi a mtundu wa B amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akangoundana ndiye kuti watha ntchito. Akamukayikira, namwino amatenga botolo lina, n'kuliundanitsa dala, n'kulisungunula, kenako amakhutchumula mabotolo onse awiri ndi kuwaimika patebulo poyera. Katemera wabwino amakhala wa mbuu kwa kanthawi; woonongeka amadikha msanga ngati mnzake woundanitsidwa dala uja, pansi n'kuoneka timibulu ta aluminiyamu togwirana. Chinthu chikaundana, nkhani siikhalanso ya madigiri okha. Pamabwera nkhani ya mmene zinthu zayalidwira m'kati mwake: chagundana ndi chiyani, chapanikizika pati.

Umboni wochokera m'chisanu chenichenicho unatuluka ku Soviet Union. Mu 1973 Vitalii Goldanskii, Maxim Frank-Kamenetskii ndi Igor Barkalov anafalitsa m'magazini ya Science zimene anaona pa formaldehyde, kemikolo amene madzi ake, fomalini, amagwira ntchito m'nyumba zachisoni za m'zipatala kuti thupi lisaonongeke. Mamolekyulu a formaldehyde amatha kulumikizana n'kupanga unyolo wautali. Akatswiriwa anamuundanitsa, anamuwomba ndi cheza cha gamma kuti unyolo uyambike, n'kumayeza liwiro la kukula kwake uku akutsitsa madigiri. Poyamba liwiro linkatsika monga Arrhenius ananenera. Koma atayandikira madigiri 10 pamwamba pa malire aja linaleka kutsika, ndipo ngakhale mu heliyamu wamadzi mfundo zatsopano zinkalowabe pa unyolo, pafupifupi 100 pa sekondi. Goldanskii anafotokoza zimenezi ndi sayansi ya tinthu tating'onoting'ono, imene Friedrich Hund mu 1927 ndi George Gamow mu 1928 anali ataigwiritsa kale ntchito pa nkhani zina. Kanthu kochepetsetsa sikakhala pamalo amodzi enieni, kamayala ngati funde, ndipo chotchinga chikakhala chopyapyala pamakhala mwayi woti kapezeke tsidya linalo kosadumpha. Mwayi umenewu sufuna kutentha. Pa nyengo yathu umabisika chifukwa odumpha ndi ochuluka. M'chisanu odumpha akatha, umatsala wokha. Sikuti onse anavomereza kuti molekyulu yathunthu ya formaldehyde, yolemera motero, imadutsa mwa njira imeneyi, koma pa elekitironi ndi atomu ya haidirojeni lero palibe amene amatsutsa.

Chodabwitsa chachiwiri, chimene ndi phata la mutu uno, chinaoneka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku Chernogolovka, tauni ya asayansi kumpoto chakum'mawa kwa Moscow, kumene kunali nthambi ya sukulu yofufuza ya Nikolai Semenov, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1956 chifukwa cha ntchito yake pa kusintha kwa makemikolo koyenda ngati unyolo. Barkalov ndi Goldanskii pamodzi ndi Viktor Barelko, Dmitry Kiryukhin ndi Zanin ankasakaniza klorini ndi makemikolo a mtundu wa mafuta monga methylcyclohexane, n'kuziundanitsa m'kabotolo kagalasi kataliko mpaka zitalimba ngati galasi lomwelo. Kenako ankaziwomba ndi cheza cha gamma chochokera ku cobalt-60. Chezacho chimadula ena mwa mamolekyulu n'kusiya zibenthu zanjala, zimene asayansi amazitcha ma-radical. M'madzi ofunda zibenthuzi zimagwira mnzake pomwepo, koma mu choundana zimakhala zomangika pamene zabadwira. Kabotoloko kakamizidwa mu heliyamu wamadzi, palibe chimene chimachitika, ngakhale mudikire bwanji. Koma kumtunda kwake anali ataundanitsiramo kachitsulo kowonda. Akangokapotokola pang'ono, choundanacho chimachita mng'alu pamalo amodziwo, ndipo nthawi yomweyo mzere wa kusintha umanyamuka n'kutsika kabotolo konse, masentimita angapo pa sekondi. Mtundu wachikasu wa klorini umafufuma kumbuyo kwa mzerewo, timawaya toyezera kutentha toikidwa m'njira timadumpha motsatizana, ndipo chotsala ndi makemikolo atsopano odzaza ndi timing'alu. Anayesanso pa ethylene wosakaniza ndi hydrogen bromide, ndi pa makemikolo opanga maunyolo a pulasitiki, n'kupeza khalidwe lomwelo.

Kuti timvetse chimene chikuyendetsa mzerewu, tiuyerekeze ndi moto wa m'tchire umene umakwera mapiri a kumbuyo kwa Msumba m'chilimwe. Udzu umene ukupsa umatenthetsa udzu wa patsogolo pake mpaka nawo utayaka, ndipo moto umayenda chifukwa mzere uliwonse umayatsa wotsatira. Mthenga wake ndi kutentha. M'kabotolo muja mthenga ndi mng'alu. Choundana chikang'aluka pamatseguka malo atsopano, mamolekyulu a m'mbali mwa mng'alu amasuntha, ndipo zibenthu zomangika zija zimamasuka n'kugwira klorini; chilichonse chimayambitsa unyolo wakewake wa kusintha. Kagawo kopyapyala kamene kasinthako kamafunda mwadzidzidzi ndiponso kukula kwake kamasintha, pamene kagawo koyandikana nako kadakali kozizira ndi kophweka kusweka. Kusiyana kumeneku kumakoka ndi kukankha kagawo kachiwiriko mpaka kang'aluke, ndipo nako kamayamba kusintha, n'kuswa kachitatu. Apa pali chinthu choyenera kuchiona bwino: kuzizira kumene tinkati ndi chopinga ndiko kumene kukuthandiza. Chinthu chofunda chimapindika kapena kuyenderera chikapanikizidwa, ndipo sichikhala ndi mng'alu wotumiza uthenga. Choundana kwambiri chimathyoka.

Wotsutsa woyamba anganene kuti uwu ndi moto womwewo wavala malaya ena: paja tavomereza kuti kagawo kosinthako kamafunda, nanga tidziwa bwanji kuti si kufundako kumene kukuyatsa kagawo kotsatira monga Arrhenius akananenera? Funsoli ndi lanzeru, ndipo anthu a ku Chernogolovka anathera nthawi yaitali pa ilo. Yankho lili pa zoyesa zitatu. Choyamba, ankatenthetsa kumtunda kwa kabotolo ndi kawaya ka magetsi. Akatenthetsa pang'onopang'ono, choundana osasweka, mzere sunkanyamuka. Akapereka kutenthako mwadzidzidzi, kokwanira kuchititsa mng'alu, unkanyamuka. Chachiwiri, timawaya toyezera tija tinkaonetsa kuti kusintha kumayamba kutsogolo kwa mzere kudakali kozizira kwambiri, madigiri ambiri pansi pa pamene msanganizo womwewo umayambira kusintha ukamafunditsidwa mofatsa. Chachitatu ndicho cholimba koposa. Lawi lililonse limazima m'mpata wopapatiza chifukwa makoma amaba kutentha kwake. Nyale imene Humphry Davy anapangira anthu a m'migodi ya malasha mu 1815 inkadalira zomwezi, popeza lawi silinkatha kudutsa m'timabowo ta sefa wachitsulo. Ofufuzawo anaika msanganizo wawo m'timachubu towonda kwambiri ndiponso anauyala mopyapyala m'kati mwa madzi ozizirawo, mmene moto wodalira kutentha ukanafa, koma mzerewo unkayendabe. Sindikunena kuti kutentha kulibe gawo. Kulipo, koma ntchito yake ndi yoswa, osati yofunditsa mamolekyulu kuti adumphe.

Wotsutsa wachiwiri ali ndi mfundo imene ndiyenera kuivomereza theka lake. Iye akuti pali chinyengo: mphamvu inalowetsedwa kale ndi cheza cha gamma, tsono chisanu sichinapange kanthu. N'zoona kuti popanda cheza mng'alu umangokhala mng'alu. Ofufuzawo anapeza kuti pali mlingo wa cheza umene ukapanda kukwanira mzere sunyamuka. N'zoonanso kuti palibe lamulo la mphamvu limene lathyoledwa, pakuti klorini ndi mafuta zinali ndi mphamvu yake kale ndipo cheza chinangodzala zoyambitsira. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa ganizo lathu m'malo molifooketsa. Pa nyengo yofunda zibenthu zija sizingaunjikane, zimatha pamene zabadwira. Chisanu chokha ndicho chimazisunga mpaka zichuluke kufika poopsa. Izi zinaonekera ku Argonne, pafupi ndi Chicago ku America, m'zaka za m'ma 1980, kumene ankagwiritsa ntchito mpweya wa methane woundanitsidwa pochepetsa liwiro la manyutironi. Cheza chinkadula methane mwakachetechete kwa maola ambiri, kenako mwadzidzidzi zibenthu zonse zinkagwirana nthawi imodzi, kutentha n'kukwera, mpweya wa haidirojeni n'kufufuma mpaka kuononga chotengera chachitsulo. John Carpenter anafotokoza zimenezi m'magazini ya Nature mu 1987, ndipo iye anati choyambitsa ndi kutentha kodzichulukitsa, osati mng'alu, choncho tisamusandutse mboni ya zimene sananene. Chimene akuchitira umboni ndi kusunga kuja. Mankhwala ake anali kumafunditsa methane dala nthawi ndi nthawi kuti mphamvu izituluka pang'onopang'ono isanaunjikane. Kutereku sikukutanthauza kuti bokosi la ayezi la msodzi lingaphulike: pa ziro ndi pa 18 pansi pa ziro mulibe cheza chotero, mulibenso kuzizira kokwanira kumanga zibenthu, ndipo Arrhenius ndiye mfumu kumeneko.

Nanga zonsezi zili ndi phindu lanji ngati zimachitika m'kabotolo ka wasayansi mokha? Yankho n'lakuti kabotoloko ndi kamene kakufanana ndi mbali yaikulu ya chilengedwe, ndipo nyengo yofunda ya m'mbali mwa nyanja ndiyo yachilendo. Pakati pa nyenyezi za mu Mlalang'amba pali mitambo yakuda ya mpweya ndi fumbi, yozizira madigiri pafupifupi 263 pansi pa ziro. Kafumbi kalikonse kamakutidwa ndi ayezi, ndipo cheza cha mumlengalenga chimakawomba kwa zaka mamiliyoni: cobalt-60 wa ku Chernogolovka kumeneko ndi waulere. Mu 1969 akatswiri a zakuthambo a ku Green Bank ku America anapeza formaldehyde m'mitambo yotereyi, chinthu chimene masamu a kutentha okha sakanachilonjeza. Mu 2002 Naoki Watanabe ndi Akira Kouchi a ku yunivesite ya Hokkaido anaponya maatomu a haidirojeni pa ayezi wosakaniza ndi carbon monoxide, pa madigiri 10 pamwamba pa malire, ndipo anatulutsa formaldehyde ndi methanol. Njira yake inali yomwe ija yodutsa chotchinga osadumpha. Mu Januwale 2023 gulu lotsogozedwa ndi Melissa McClure wa ku Leiden, mzinda womwe uja wa heliyamu, linalengeza kuti makina oonera zakuthambo a James Webb aona ayezi wa madzi, ammonia, methane ndi methanol m'kati mwa mtambo wa Chamaeleon I. Mitambo yotere ndi imene imabala nyenyezi ndi mapulaneti. Ndiye kuti mbali ina ya zipangizo zimene dziko lathu linayambira inaphikidwa kusanakhale dzuwa loiphika.

Apa ndi pamene wotsutsa wachitatu ayenera kumvedwa, chifukwa nkhani yokoma imakopa munthu kuti ailonjezetse zambiri. Goldanskii mwiniwake analemba za kuthekera kwakuti mbiri ya moyo inayambira m'chisanu. Umboni umene tili nawo ukufika pa mamolekyulu okha: methanol, formaldehyde, ngakhalenso glycine amene chombo cha Rosetta chinamupeza pa nyenyezi ya mchira ya 67P, monga zinalengezedwa mu 2016. Kuchoka pamenepo kufika pa kachilombo kamoyo pali mtunda wautali umene chisanu sichinaonetse kuti chingauyende. Tiyeneranso kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene takambazi. Kudutsa chotchinga kwa haidirojeni kunatsimikizidwa m'maiko ambiri ndipo kumafotokoza zimene makina akuona kuthambo. Mzere woyenda ndi mng'alu unaonedwa m'kabotolo, makamaka ndi gulu limodzi, pa makemikolo osankhidwa bwino, ndipo kunena kuti umachitikanso m'kati mwa ayezi wa kuthambo ndi ganizo lomveka koma losatsimikizika.

Nyenyezi ya mchira yotchedwa Holmes ikuonetsa bwino pamene mkangano waima. Pa 23 ndi 24 Okutobala 2007 kanthu aka, kotalika makilomita atatu ndi theka okha ndipo kosaoneka popanda makina amphamvu, kanawala mowirikiza pafupifupi ka 500,000 m'maola 42, mpaka kuoneka ndi maso chakumpoto kwa thambo. Pofika Novembala mtambo wa fumbi lake unali utakula kuposa dzuwa. Chovuta kufotokoza n'chakuti inaphulika ikuchoka kudzuwa, miyezi isanu itadutsa pamene inayandikira kwambiri, ili kutali kuposa pulaneti ya Mars. Mphamvuyo inachokera m'kati. Ambiri amaloza ayezi wa mtundu wina amene amapangika m'chisanu choopsa, mamolekyulu ake ali balalabalala osafola; ayezi wotere akafunda kufika cha m'ma 140 pansi pa ziro amadzifoletsa mwadzidzidzi, n'kutulutsa kutentha ndi mpweya umene anatsekera, ndipo kusinthako kumatha kufalikira kokha. Ena amati mpweya unaunjikana m'mphanga pansi pa chikhungwa mpaka kuching'amba. Richard Miles wa ku Britain anaganizira za hydrogen peroxide wosungidwa m'ayezimo. Amasiyana pa choyambitsa, koma onse akunena za chinthu cholimba, chozizira, chimene chinasunga mphamvu nthawi yaitali n'kuitaya pa kanthawi. Holmes imazungulira dzuwa pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri zilizonse. Edwin Holmes anaitulukira ku London mu Novembala 1892 chifukwa inali itaphulika chimodzimodzi. Itaphulikanso mu Januwale 1893, inazungulira zaka 114 popanda kuchitanso zotero, ndipo mu 2014 ndi 2021 inadutsa pafupi ndi dzuwa popanda kubwereza za mu 2007.